Ziwerengero Zikasanduka Chithunzi

Kalaliki wa ku chipatala, mphunzitsi wamkulu ngakhalenso mlangizi wa zaulimi, onsewa imawafikira nthawi yoti ziwerengero zimene zadzaza m'kaundula azionetse kwa anthu pa tchati. Ambiri amangotola tchati chimene chawakomera m'maso. Komatu mtundu uliwonse wa tchati uli ndi funso lake limene umayankha.

Amene anatchukitsa luso limeneli anali William Playfair wa ku Scotland. M'buku lake la mu 1786 anafuna kuonetsa mmene malonda a England ndi maiko ena anayendera chaka ndi chaka, tsono anajambula mzere wokwera ndi kutsika, zaka zitandandalikidwa m'munsi mwake. Mzere ndi wa zinthu zosintha ndi nthawi. Atafika pa malonda a Scotland anapeza kuti anali ndi ziwerengero za chaka chimodzi chokha, cha 1781, kotero mzere unalibe kolowera. Apo anajambula timizati togoneka, dziko lililonse ndi take, kutalika kwake molingana ndi kukula kwa malonda. Timizati ndi tofanizira zinthu zosiyana. Munthu wolumikiza ndi mzere zokolola za ku Mzimba, Dedza ndi Nsanje wanamiza oona, pakuti boma silisanduka linzake monga Januwale alowera mu Febuluwale. Timizatito tiziyambira pa ziro. Tikadulidwa kumiyendo, kusiyana kwakung'ono kumaoneka ngati phiri.

Mu 1801 Playfair yemweyo anatulutsa tchati chozungulira, chodulidwa ngati chigumu. Chimenechi chimayenera pogawa chinthu chimodzi chathunthu, magawo ake akhale ochepa, chifukwa diso sililinga bwino zidutswa zofananirako.

Funso lina ndi lakuti: kuti? Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera anabuka ku Soho, mu mzinda wa London, ndipo anthu oposa 500 anafa m'masiku khumi okha. Akuluakulu ambiri a zaumoyo ankakhulupirira kuti nthendayi imabwera ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, ankakayikira madzi. Mzere ukanangomuuza tsiku limene maliro anachuluka, zimene anthu a m'deralo ankazidziwa kale ndi misozi yawo. Iye anatenga mapu a misewu, nalemba kamzere kakuda pa nyumba iliyonse yofedwa, kamodzi pa munthu mmodzi, nasonyezanso pamene panali mijigo. Timizereto tinaunjikana mozungulira mjigo wa mu Broad Street, ndi kumka tichepa kutali nawo.

Kawirikawiri nkhaniyi imakambidwa ngati kuti mapuwo ndiwo anathetsa mliri. Si choncho ayi. Snow anali atayenda kale khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo chogwirira cha mjigowo chinachotsedwa pa 8 Seputembala, mliri utayamba kale kuzilala. Mapu anadza pambuyo, ndipo ntchito yake inali yoonetsa okayika chimene mndandanda wa maina sukanawaonetsa. Pamapupo pankaoneka ngakhale malo amene imfa inawalambalala. M'msewu womwewo munali fakitale yofulula mowa, ya antchito oposa 70, ndipo sanafe ndi mmodzi yemwe. Fakitaleyo inali ndi chitsime chakechake, antchito ankapatsidwa mowa, ndipo kumjigo kuja sankatungako.