Mankhwala a warfarin: mawu kwa ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'mafamu



Nkhani yathu lero ndi ya warfarin, mankhwala amene amapatsidwa anthu omwe mtima wawo umagunda mosalongosoka, kapena omwe anaikidwa valavu yachitsulo. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuundana kwa magazi. Akachepa m'thupi, magazi oundana angatseke mtsempha wa muubongo, munthu n'kufa ziwalo. Akachuluka, magazi amatuluka osaleka. Mpata wa pakati pa ngozi ziwirizi ndi wochepa kwambiri, n'chifukwa chake achipatala amakuyezani magazi kawirikawiri. Muyesowo umatchedwa INR, ndipo kwa ambiri uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3.

Imwani pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, monga adalembera adokotala, kaya ndi piritsi lathunthu la 5mg kaya theka. Mukaiwala n'kukumbukira kutacha, musaphatikize. Imwani la tsiku limenelo lokha. Ndipo musagawireko mnzanu, ngakhale akudandaula za mtima ngati inu.

Tsono ndifike pa Grand-Pa. Mutu ukawawa pakati pa ntchito, ambirife timathamangira kuspaza kukagula kapepala kaufa kaja. Muli aspirin mmenemo, monganso mu Disprin, ndipo akakumana ndi warfarin m'mimba mungathe kuchucha magazi inu osadziwa. Brufen nayenso ayi. Panado ndiye abwinoko, pamlingo wake. Ngakhale mabwana atakupatsani mapiritsi awo mokoma mtima, kanani mwaulemu. Azitsamba nawonso asakumwetseni kanthu adokotala asanadziwe.

Za ndiwo zamasamba, ena amakuuzani kuti musiye. Musasiye. Sipinachi, bonongwe, nkhwani ndi mpiru zili ndi vitamini K amene amafoola warfarin, koma vuto limabwera mukadya zambiri sabata ino, sabata yamawa osalawa n'komwe. Idyani mofanana. Mukayamba mankhwala a TB, nenani, pakuti rifampicin amachepetsa mphamvu ya warfarin. Amayi amene mukuganiza zotenga pakati, kapena mwadumpha mwezi, pitani kuchipatala msanga: mankhwalawa angavulaze mwana, koma kusiya panokha n'koopsanso.

Ndikudziwa kuti chimene chimatijombetsa pa tsiku loyezetsa ndi mantha, mantha a bwana ndi mantha a pageti. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, ndipo limaletsa kubweza munthu wofuna thandizo la mwadzidzidzi. Lamulo la ntchito nalonso limakupatsani tchuti cholipidwa cha matenda, chokwana masiku amene mumagwira m'masabata 6, pa miyezi 36 iliyonse. Kupita ku Tambo Memorial kapena ku Thelle Mogoerane mukadwala si kupempha chifundo.

Amene mukupita kumudzi mu Disembala, yezetsani musananyamuke, pemphani mankhwala okwanira ndi kalata yosonyeza kamwedwe kanu. Muziike m'chikwama cha m'manja, osati mu katundu wa m'ngolo ya basi, poti ku Beitbridge munthu amatha kugona pamzere.

Mukaona chimbudzi chakuda bii, mkodzo wofiira, kamfuno wosaleka, kapena pakamwa papotoka ndi lilime kulemera, musadikire kuti muweruke. Imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177, ndipo mukafika, mawu oyamba akhale akuti mumamwa warfarin.