Zikomo Soja: gawo la Lucius Banda

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli pa basi ku Leeds, kaya mwangoweruka kumene ku shifiti ya usiku ku Bradford, kaya muli ku Manchester mukuphika nsima ya ufa wodula wa kuno uja. Lero ndili ndekha, mlendo palibe. Nkhani za visa ndi lendi tazisiya kaye. Ndikufuna ndithokoze munthu, ndipo munthuyo ndi Lucius Banda, Soja.

A Lucius anatisiya pa 30 June 2024 ali m'chipatala ku Johannesburg, atavutika ndi impso kwa nthawi yaitali. Anali ndi zaka 53. Mukumbukira kuti mwezi umenewo tinali kale m'misozi. Pa 10 June ndege inagwa ku Chikangawa, tinataya Dr Saulos Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu. Masiku 20 okha, uthenga wina uwu. Magulu athu a WhatsApp kuno anangoti zii, kenako aliyense anayamba kuponya nyimbo.

Ena mwa inu munabwera kuno muli aang'ono, ena munabadwira ku St James's ku Leeds komwe kuno, ndiye dzinali mumangolimva m'galimoto ya adadi. Ndikuuzeni pang'ono. Anabadwa pa 17 August 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. Anakulira mu Alleluya Band, gulu la ku parishi ya Katolika ku Balaka, pansi pa mkulu wawo Paul Banda, amene tonse timati Sir Paul. Kamvekedwe kamene anthu amati Balaka reggae kanaphikidwa kumeneko. Chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994, ndipo chakacho musachione mopepuka. Riferendamu inali itangochitika mu June 1993, chisankho cha zipani zambiri mu May 1994. Anthu anali atakhala zaka 30 akunong'onezana, kuyang'ana kaye kumbuyo asanatchule dzina la munthu wamkulu. Ndiye pabwere mnyamata wa ku Balaka, aimbe poyera za mabala amene anthu anali nawo mumtima, m'Chichewa choti agogo kumudzi amve. Nyimbo ija ya Mabala, funsani makolo anu kuti ankamva bwanji ikamalira.

Ineyo nthawi imeneyo ndinali kamwana. Soja ndinamudziwira m'minibasi ndi pa wailesi ya kaseti ya amalume, makaseti ogula kwa O.G. Issa ku Limbe. Kaseti ikatafunidwa, timaikoka bwinobwino, kuizunguliza ndi bolopeni, basi yabwerera. Down Babylon, Cease Fire, Take Over, Yahwe, zonsezo zinadutsa m'makutu mwanga ndisanadziwe n'komwe kuti ndale n'chiyani. Tanthauzo lake ndinadzalimva ndili ku koleji, ndipo lenileni ndalimvera kuno.

Eya, kuno. Ntchito yanga ndi ya makompyuta. Seva ikagwa ku Hull m'mawa, masana akufuna netiweki ku Warrington, ndiye kuti ine ndi msewu wa M62 basi. Amene mumaudziwa msewu umenewu m'nyengo yozizira, pamwamba paja podutsa Saddleworth, nkhungu ili mbuu, 4 koloko kwada kale, mukudziwa mmene mtima umatsikira. Umayamba kuwerengera: ndalama ya nyumba, ya fizi ya mlongo wako, ya mankhwala a mayi, ndi funso lija losatha lakuti kodi ndidzabwerera liti. Pamenepo ine ndimaika Soja. Sikuti mavuto amachoka ayi. Koma umamva mawu a munthu amene akudziwa kuti kukhala mwana wa mphawi n'kutani, ndipo sakukunyoza, sakukunamizanso kuti mawa zikhala bwino.

Tsono ndikudziwa kuti wina akumvetsera pano akuti, “Aaa, achimwene, nanga za ndale zija?” Tisazembe. A Lucius analowa ndale ndi miyendo yonse iwiri. Anaimbira UDF, anakhala phungu wa Balaka North mu 2004. Mu 2006 anamangidwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, mpando unapita, anakalowa kundende ya Zomba, mpaka khoti lalikulu linadzawamasula pa apilo. Chimbale cha Cell 51 Maximum chinachokera kumeneko. Nthawi ya Bingu wa Mutharika nyimbo zawo zinaletsedwa pa MBC. Anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, kenako anapita ku UTM, ndipo pomwalira anali mlangizi wa Pulezidenti Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Pali anthu amene anakhumudwa, amati msilikali wa amphawi sayenera kudya patebulo la mabwana. Ine mfundo imeneyo sindiitaya. Nyimbo zimene ndimakonda kwambiri ndi zimene anaimba ali kunja kwa mpanda, osati m'kati. Koma munthu amene analawa ndende, natsekeredwa pa wailesi ya boma, n'kumaimbabe, sindingamutche wamantha.

Chimene chimandigwira mtima kuposa zonse ndi anthu amene anawakweza. Zembani Band, imene anayambitsa mu 1997, inali ngati sukulu. Billy Kaunda, Mlaka Maliro, malemu Paul Chaphuka, Wendy Harawa, Emma Masauko, Dan Lu, onsewa ali ndi chala cha Soja penapake pa mbiri yawo. Kwathu kuja munthu akakwera mumtengo amakonda kukoka makwerero. Iwo ankawasiya pomwepo. Anayambitsanso Sand Music Festival, n'kubweretsa Busy Signal ndi Diamond Platnumz m'mphepete mwa nyanja yathu, oimba akwathu n'kumaimba pa siteji imodzi ndi akuluakulu amenewo.

Pano ndilankhule ngati wa IT. Nyimbo za m'ma 1990 zambiri zili pa makaseti ndi ma CD amene akuola m'masutikesi. Tepi imatha, abale, imagwira nkhungu, ndipo CD yowotcha pa kompyuta sikhala muyaya. Zimene zili pa YouTube zina anaziika ndi anthu wamba, mawu ake ngati akuimbira m'chitini, dzina la nyimbo lolakwika, chaka palibe, ndipo banja la woimba silipezapo ngakhale tambala. Ngati kwanu kuli kaseti yeniyeni, musataye. Jambulani chikuto chake mbali zonse, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mayina a amene anaimba gitala ndi ng'oma. Mawuwo asamutsireni pa kompyuta ngati WAV, osati ka MP3 kofinyidwa, ndipo musunge malo awiri. Pomvetsera tsiku ndi tsiku, sakani pamene nyimbozo zaikidwa movomerezeka. Timalipira Netflix mwezi ndi mwezi osadandaula, ndiye za kwathu zokha zikhale zaulere?

Tsopano Soja, ndilankhule ndi inu. Sitinagwiranepo chanza. Ine ndinali mmodzi wa anthu aja oima kumbuyo ku French Cultural Centre ku Blantyre, amene ndalama yolowera anachita kusonkherana. Zikomo chifukwa cha zimbale 20. Zikomo poimba m'chilankhulo chathu osachita nacho manyazi, moti lero mwana wanga wobadwira ku Yorkshire, amene Chichewa chake n'chothyokathyoka, amafunsa kuti “adadi, mawu awa akutanthauza chiyani?” ndipo timayambira pamenepo. Zikomo potiperekeza pa maukwati, pa maliro, ndi pa maphwando a 6 July m'maholo obwereka a kuno, pamene DJ akangoika nyimbo yanu, anesi, osamalira okalamba, madalaivala ndi ana asukulu tonse timadzuka. Ku banja lonse ndi a Zembani, pepani. Usani mumtendere, Soja.

Inu omvera, nditumizireni voice note, osapitirira mphindi imodzi: nyimbo iti ya Lucius, ndipo munali kuti pamene munaimva koyamba. Amene Chichewa chimakuvutani, sakanizani ndi Chingerezi, palibe akusekeni. Tidzaziseweretsa m'gawo la sabata yamawa. Tsalani bwino.