Tisanagule foni ya kalabu, tiijambulitse kaye nyuzipepala

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndilowe m'nkhani.

Ndalama zomwe tasonkha zogulira foni yojambulira zochitika za kalabu si zochepa, ndipo ndamva ena akuti tingofuna yolembedwa 108MP basi. Ine ndikukana, chifukwa zinandiwotchapo. Chaka chatha nditagulitsa soya ndinadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, n'kugula foni yolembedwa 64MP pabokosi, kumbuyo magalasi anayi. Ndinabwerako ndikudzimva. Tsiku lomwe ndinajambula satifiketi yanga ya MSCE kuti ndifunsire ntchito, dzina pakatipo linkawerengeka, koma nambala ya pakona inali ngati yapakidwa phala. Kenako ndinayesa kuphimba magalasi aja ndi chala, limodzilimodzi. Awiri anali ongokongoletsa.

Anzanga, MP ija imangowerenga timadontho tomwe timapanga chithunzi. Kuwala kusanafike pa timadonthoto kumadutsa kaye pagalasi la kamera. Galasilo likakhala lachabechabe, timadontho 64 miliyoni tonse timangojambula chimbuuzi chomwecho. Komanso foni zambiri za 48MP zimaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, chithunzi chomwe mumalandira n'kukhala cha 12MP. Zambiri za 108MP zimaphatikiza 9, n'kutulukanso 12MP yomweyo. Kuphatikizako si chinyengo ayi, kumathandiza kukachita mdima. Koma pabokosi amalemba nambala yaikuluyo.

Zithunzi za otsatsa malonda nazo musamazikhulupirire msanga. Mu 2016 kampani ya Huawei inaika pa intaneti chithunzi chokongola potsatsa foni ya P9. Anthu atafufuza zomwe kamera imalemba mobisa m'chithunzi, anapeza kuti chinajambulidwa ndi Canon EOS 5D Mark III, kamera ya akatswiri. Anachichotsa n'kupepesa. Nokia nayo inapepesa mu 2012: mu kanema wotsatsa Lumia 920, pawindo panaoneka chithunzithunzi cha munthu ali m'galimoto atanyamula chikamera chachikulu. Ngati akuluakulu otere anachitapo izi, nanga bokosi lopanda adiresi la pamsika?

Ndiye tichite chonchi. Amene mutumidwe, kaya ndi pa Boma pano kaya ku Lilongwe, nyamulani tsamba la nyuzipepala la zilembo zing'onozing'ono. Pukutani galasi ndi kansalu, chifukwa thukuta la chala lokha limaononga chithunzi. Mnzanu agwire tsambalo pakhoma, inu muime molunjika mpaka lidzaze sikirini, mujambule osakoka zoom. Mukatero tsegulani chithunzicho, muchikulitse. Pakati pafupifupi foni iliyonse imakhoza. Mayeso enieni ali m'makona anayi: kodi zilembo zikuwerengeka? Yang'ananinso ngati zilembozo zazunguliridwa ndi kamzere koyera. Ameneyo ndi pulogalamu ikunola chithunzi kuti ibise kufooka kwa galasi.

Mubwereze mkati mwa shopu, pomwe kuwala kuli kochepa. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife, poti mpira wathu ndi masewero zimatha dzuwa litalowa. Mujambulenso nkhope ya mnzanu. Ikatuluka yosalala ngati chidole, tsitsi litagwirana, dziwani kuti foni yafufuta tinthu tating'onoting'ono.

Chinanso, musatitumizire zithunzizo pa gulupu mwachizolowezi n'kumati tiweruze. WhatsApp imazichepetsa, foni yabwino ndi yoipa n'kumaoneka zofanana. Tumizani ngati document.

Pempho langa, a tcheyamani, ndi lakuti apite anthu awiri, ayese foni zosachepera zitatu za mtengo wofanana, ndipo ndalama isatuluke m'thumba la msungichuma tisanaone makona aja tonse. Wogulitsa akakana kutsegula bokosi, alowe shopu ina. Nyuzipepala ndibweretsa ine Loweruka.