Mbande Yabwino Ndi Yogwira M'munda Uliwonse

Nkhani yathu ya lero tiiyambira pa chidikha cha Kasungu, kumene mlimi aliyense wa fodya amadziŵa chinthu chimodzi bwino lomwe. Mbande ikhoza kubiriŵira pa nazale, pamene pali mthunzi, manyowa ndi madzi a m'kheni m'maŵa ndi madzulo, koma mayeso ake enieni amadza tsiku loiwokera kumunda. N'chifukwa chake mlimi wanzeru amachepetsa madzi othirira masiku owokera akayandikira, kuti mbande ikhwime, izoloŵere dzuŵa ndi nthaka ya mchenga imene ikaipeze. Sungani chithunzi chimenechi, pakuti chitithandiza kumvetsa za makompyuta ndi kaundula wa odwala m'zipatala zathu.

Azakhali anga ena, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anapita tsiku lina ku chipatala china chaching'ono m'boma lomweli. Kabuku kawo ka kuchipatala kanali katanyowa ndi mvula, zolemba zonse zitafufutika. Kalaliki anati palibe kanthu, dzina lawo alipeza m'kompyuta. Analemba Mbeŵe, osapeza. Analembanso, osapezabe. Potsiriza anawalemba ngati wodwala watsopano, ndipo adokotala anayamba kuwafunsa zonse kuchokera pachiyambi, osadziŵa mankhwala amene anawayesapo kale nakanika. Patapita nthaŵi zinadziŵika kuti dzinalo linalimo ndithu. Koma kaundula atasamutsidwa kuchoka m'kompyuta yakale kuloŵa m'yatsopano, chilembo cha ŵ chinasanduka tizizindikiro tachilendo, ndipo makina sanathenso kuzindikira mwini dzina. Mbande inafota powokera.

Tsono tiyeni tione chimene chimachitika. Pulogalamu ya kompyuta, yosiyana ndi pulogalamu ya pa wailesi, ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amalemba kuti makina atsate. Ina mwa mapulogalamu ameneŵa ntchito yake ndi kusunga maina, masiku ndi ziŵerengero mwadongosolo, ndi kuzitulutsa msanga zikafunika. Azungu amati database, ife tingoti nkhokwe. Nkhokwe zina n'zogula, ndipo malangizo ake ndi chinsinsi cha kampani. Zina n'zotseguka: malangizo ake ali poyera, aliyense akhoza kuwaŵerenga, kuwakonza ndi kugaŵira anzake popanda kulipira. Zitsanzo zotchuka ndi MySQL, imene inatuluka m'chaka cha 1995, ndi PostgreSQL, imene inaphuka pa sukulu ya ukachenjede ya California ku Berkeley.

Malangizo olembedwa ndi munthu sagwira ntchito pompopompo. Amayamba atembenuzidwa kukhala chinenero cha makina, ntchito imene eni ake amaitcha kumanga. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa makina sali ofanana. Ena amayendera Windows, ena Linux, ena Android ya m'mafoni. Ubongo wa kompyuta ya mu ofesi ndi wosiyana ndi wa m'foni. Imeneyi ndiyo minda yosiyanasiyana, wina wa katondo, wina wa mchenga, wina wa m'dambo. Wolemba pulogalamu amaiyesa pa makina ake, naona kuti ikuyenda bwino, osazindikira kuti waiphunzitsa kudalira zinthu zimene zimapezeka pa nazale yake yokha.

Dziko lathu linakumana nazo zimenezi. Kuyambira m'chaka cha 2002 Unduna wa Zaumoyo unkasonkhanitsa ziŵerengero za m'maboma ndi pulogalamu yotchedwa DHIS, imene inayambira ku South Africa. Pulogalamuyo inali yaulere, koma inamangidwa pa Microsoft Access, imene imamera pa Windows pokha ndipo ndi yogula. Kompyuta ya boma lililonse inali ndi nkhokwe yakeyake. Akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Oslo ku Norway anaona kuti kuika zigamba sikuthandiza, ndipo anailembanso yonse m'chinenero cha Java, chimene chimayenda pa makina a mitundu yambiri. Imeneyi ndiyo DHIS2, imene inayamba kugwira ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006, ndipo Malaŵi anasamukirako mu 2012. Lero ziŵerengero za Kasungu ndi za Mulanje zimakumana m'nkhokwe imodzi, ndipo mlangizi wa zaumoyo akhoza kuzitumiza ngakhale pa foni.

Chitsanzo china ndi cha bungwe la Baobab Health, limene linayambitsidwa ndi Gerry Douglas. Mu 2001 bungweli linaika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero timachitcha Kamuzu Central. Makinawo, otchedwa i-Opener, anapangidwira anthu a ku America kuti azionera intaneti m'nyumba zawo, ndipo malonda ake atagwa anapezeka motchipa. Anawakonza kuti agwire ntchito imene eni ake sanailote n'komwe, nawalumikiza ku mabatire chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Pambuyo pake anyamata ndi atsikana a Chimalaŵi analemba pulogalamu ya odwala olandira mankhwala otalikitsa moyo, yoyenda pa Linux ndi MySQL. Makina oyambawo anakalamba kalekale, koma mbiri ya wodwala siyenera kukalamba nawo limodzi.

Nanga timavuto timene timafotetsa mbande n'totani? Ndinena titatu tokha. Koyamba ndi kamene kanagwera azakhali anga. Kompyuta siidziŵa zilembo, imadziŵa manambala, ndipo chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Mndandanda wakale wotchedwa Latin-1 unakonzedwera zinenero za kuzambwe kwa Ulaya, ndipo ŵ wathu mulibe. Ali mu mndandanda waukulu wa Unicode. Kwa zaka zambiri MySQL inkasankha yokha Latin-1 ngati woiika sananene kanthu, kufikira mu 2018 pamene mtundu wa 8.0 unasintha mwambowo. Motero makina aŵiri, ena akale ena atsopano, akhoza kuŵerenga dzina limodzi mosiyana, Malaŵi ndi Chicheŵa n'kutuluka zopunduka.

Kachiŵiri ndi ka zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Pa Windows, dzina la fayilo lolembedwa Odwala ndi lolembedwa odwala ndi limodzi. Pa Linux ndi maina aŵiri. Popeza MySQL imasunga zigawo za nkhokwe m'mafayilo, pulogalamu imene inkayenda bwino pa makina a woilemba imafika pa makina ena n'kunena kuti chigawo chimene yafunsidwa kulibe, chikhalirecho chilipo.

Kachitatu n'kobisika koposa. Ife amene tinaphunzirako za uphunzitsi tikukumbukira kaundula wa m'kalasi, maina otsatana kuyambira A mpaka Z. Nkhokwe nayo imasunga mlozo wotere kuti ipeze dzina msanga, koma lamulo la katsatanidwe imalibwereka kwa makina amene yakhalamo. Mu 2018 gawo lina la Linux, lotchedwa glibc, linasintha lamulolo mu mtundu wake wa 2.28. Anthu amene anasamutsa nkhokwe za PostgreSQL kupita pa makina atsopano osamanganso mlozo anapeza kuti maina ena akusoŵa, ena akulembedwa kaŵiri, popanda chenjezo lililonse. Taganizani mphunzitsi akufuna Phiri pa tsamba la P, pamene wina wasintha masamba usiku.

Kodi mankhwala ake n'chiyani? Ndi omwe aja a alangizi a zaulimi. Mbewu yatsopano ya fodya siperekedwa kwa alimi itangoyesedwa pamalo amodzi. Imayesedwa ku Mwimba konkuno ku Kasungu ndi kumadera ena, nyengo zingapo. Olemba PostgreSQL anachita chimodzimodzi. Mu 2004 Andrew Dunstan anayambitsa dongosolo loti anthu odzipereka m'maiko osiyanasiyana abwereke makina awo, akale ndi atsopano, a mitundu yonse, ndipo makina aliwonse amapatsidwa dzina la nyama. Wina akasintha mzere m'malangizo, makina onsewo amamanga pulogalamu ndi kuiyesa, ndipo amene alephera amaonekera poyera. Pamenepo wosinthayo amabwerera kukakonza. Ntchitoyi ilibe ulemerero. Munthu amatha masiku atatu kufunafuna chifukwa chimene makina amodzi mwa ambiri akukanira, ndipo chokonzacho chimakhala mizere iŵiri. Koma mizere iŵiriyo ndi imene imapulumutsa kaundula wa chipatala chimene iye sadzachiona.

Apa pali phunziro kwa ife. Mutu umodzi susenza denga. Katswiri wa ku Oslo kapena ku California sangadziŵe kuti dzina la Mbeŵe likupunduka ngati sitimuuza, pakuti m'chinenero chake mulibe chilembocho. Ubwino wa pulogalamu yotseguka ndi wakuti sitiyenera kudikira chifundo cha kampani. Wophunzira wa ku Mzuzu kapena ku Thyolo akhoza kutsegula malangizo, kupeza pamene palakwika, ndi kutumiza chokonza chake kuti chithandize dziko lonse lapansi. Ndipo inu akalaliki a m'zipatala, m'masukulu ndi m'makalabu a alimi amene mumapereka fodya ku Chinkhoma, mukaona dzina lapunduka musangolilembanso n'kukhala chete. Lembani tsiku, makina ake ndi chimene chaoneka, mupereke kwa oyang'anira. Limenelo ndilo khasu loyamba pokonza.

Kwa akuluakulu amene amagula makina m'maofesi, ndisiye mafunso aŵiri oti muzifunsa wogulitsa. Loyamba, makina aŵa akafa, kaundula wathu tidzamtsegula pa makina ena ati? Lachiŵiri, kodi mwayesapo kumsamutsa ife tikuona, maina a ŵ ali momwemo? Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kaundula amene amatseguka pa kompyuta imodzi yokha akadali pachala.

Azakhali anga aja anagula kabuku kena, ndipo tsopano amakasunga m'pepala la pulasitiki. Anachita bwino. Koma tsiku lina kabukuko kadzatayikanso, ndipo pa tsikulo adzadalira ntchito ya anthu amene sawadziŵa, amene anakhwimitsa mbande isanawokedwe.