Pepala Silifunditsa Nyumba

 Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya kutali, ya ku England, koma ndikhulupirira kuti ambiri a inu muli ndi mwana, mphwanu kapena mlamu amene ali kumeneko, wina pa sukulu, wina pa ntchito ya unamwino kapena yosamala nkhalamba. Ambiri mwa iwo amakhala m'nyumba za lendi, ndipo akamadandaula pa telefoni za kuzizira ndi za mtengo wa gasi, ife kuno timayesa kuti akungofuna pokanira kutumiza ndalama. Ndifuna timvetse chimene akulira, ndiponso titolepo nzeru, pakuti akuluakulu adati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Ku England chisanu chimagwira kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo kuzizira kwa ku Dedza mwezi wa Juni ndi maseŵera chabe. Nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi, ndipo chotenthetsa madziwo ndi gasi wogula. Tsono pafupifupi nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse idamangidwa chisanafike chaka cha 1919, kotero kuti kutentha kumathaŵira kudenga, m'zipupa ndi m'mazenera monga madzi m'ndowa yobooka. Mu Okutobala 2021 banja wamba linkalipira mapaundi 1,277 pa chaka pa gasi ndi magetsi. Pofika Okutobala 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mitengo, ndalamayo idafika pa mapaundi 2,500, pamenepo nkuti Boma la kumeneko litathirapo kale zake. Nyumba yozizira imasunga chinyontho, chinyontho chimabala nkhungu yakuda pa zipupa, ndipo nkhunguyo imaloŵa m'chifuwa. Mu 2020 mwana wa zaka ziŵiri adamwalira ku Rochdale, ndipo bwalo lofufuza za imfa lidapeza kuti chidamupha ndi nkhungu ya m'nyumba imene makolo ake ankachita lendi.

Maiko a ku Ulaya adagwirizana mu 2002 kuti nyumba ziziyesedwa, kuti wogula kapena wochita lendi azidziŵa asanaloŵe ngati nyumbayo imasunga kutentha kapena imamwaza. Ku England ndi ku Wales ntchitoyi idayamba mu 2007 pa nyumba zogulitsa, ndipo mu 2008 idafika pa nyumba za lendi. Munthu wophunzitsidwa amabwera kudzayeza zipinda, kuona zipupa, mazenera, denga ndi chotenthetsera madzi, kenaka amaloŵetsa zonsezo m'kompyuta. Chimatulukamo ndi chikalata chotchedwa Energy Performance Certificate, mwachidule EPC, chimene chimapatsa nyumba malikisi ndi chilembo kuyambira A mpaka G. Nyumba ya A ndi imene yapeza malikisi 92 kapena kuposa, ya G ndi imene siidapitirire 20. Chikalatacho chimagwira ntchito zaka 10, ndipo kumapeto kwake amalembako zoyenera kukonza.

Ndinene poyera kuti ganizo limeneli ndi labwino. Pogula chimanga timafuna sikelo, chifukwa diso limanyengedwa ndi thumba lofufuma. Chomwechonso nyumba yopakidwa penti watsopano imatha kukhala dzenje la ndalama. Ndiponso kuyambira Epulo 2018 lamulo lidaletsa mwini nyumba kuloŵetsa munthu watsopano wa lendi m'nyumba ya F kapena G, ndipo mu Epulo 2020 lamulolo lidakhudzanso okhalamo kale. Apa wosauka adapeza pogwira.

Komatu sikelo nayo imafuna woigwira bwino. Woyeza nyumba saboola chipupa. Zotchingira kutentha zimene sadazione ndi maso, ngati palibe pepala lozichitira umboni, saziŵerengera. Kompyuta imangoganizira potsata zaka za nyumbayo. Motero munthu amene adaononga ndalama zake kukonza nyumba, koma malisiti adataya, amapatsidwa chilembo cha munthu amene sadakonzepo kanthu. Chinanso nchakuti malikisi aja adaŵakhazika pa mtengo wa moto, ndipo ku Britain magetsi ndi okwera mtengo pafupifupi kanayi kuposa gasi. Kotero ena amene adamvera Boma, nachotsa gasi ndi kuika makina amagetsi okoka kutentha kuchokera panja, adaona chilembo chawo chisakukwera, mwinanso chikutsika. Dzanja limodzi la Boma likukodola, linzake likukankha.

Koma pamene anthu adatopa kwenikweni ndi pa thandizo lokonzera nyumbazo. Mu Januwale 2013 Boma lidatsegula ngongole yotchedwa Green Deal. Munthu ankakongola ndalama zokonzera nyumba, nkumabweza pang'onopang'ono kudzera pa bilu ya magetsi. Asanalandire kanthu ankayenera kuitana woyeza, kupeza wokongoza, kupezanso mmisiri wovomerezeka, ndipo chiongoladzanja chidali cha 7 pa 100 kapena kuposa. Ngongoleyo inkatsala pa nyumba, kotero kuti ogula nyumba ankaiopa. Mu Julayi 2015 Boma lidaleka kuikamo ndalama. Ofesi yofufuza za chuma cha Boma, National Audit Office, idapeza mu 2016 kuti mabanja 14,000 okha ndiwo adatenga ngongoleyo, pamene Boma lidaonongapo mapaundi 240 miliyoni.

Mukadayesa kuti aphunzirapo. Mu Seputembala 2020 adabweretsa makuponi otchedwa Green Homes Grant, a mapaundi ofika 5,000 pa banja, kapena 10,000 kwa osauka, ndi cholinga chokonza nyumba 600,000. Ntchito yaikulu chotere adaikonza m'masabata 12 okha. Mwini nyumba ankatumiza mitengo ya amisiri, a ku ofesi nkuibweza kuti aonjezere umboni, iye nkutumizanso, iwo nkubwezanso, chisanu chili mkati. Amisiri ovomerezeka adali oŵerengeka, ndipo amene adagwira ntchito adadikira malipiro awo nthaŵi yaitali, mpaka ena adachotsa antchito. Pa 31 Malichi 2021, patangotha miyezi 6, khomo lidatsekedwa. Ofesi yofufuza ija idaŵerengera kuti nyumba zothandizidwa zidzangokwana pafupifupi 47,500, ndipo kuti pa nyumba iliyonse mapaundi oposa 1,000 adathera pa kuyendetsa mapepala.

Malamulo nawo sadakhazikike. Kwa zaka zingapo eni nyumba za lendi ankauzidwa kuti chilembo chofunika chidzakwera kuchoka pa E kufika pa C. Ena adakongola ndalama nayamba kukonza. Mu Seputembala 2023 Nduna Yaikulu, a Rishi Sunak, adalengeza kuti ganizolo alisiya. Mu 2024 Boma latsopano lidanena kuti C adzafunika ndithu pofika 2030. Tsono taganizani za mmisiri amene afuna kuphunzitsa anyamata ntchito imeneyi, kapena mwini nyumba amene afuna kugula zipangizo. Adzakhulupirira mau a yani? Amene adafulumira kumvera adaoneka wopusa, amene adazengereza adaoneka wochenjera, ndipo dziko likafika pamenepo lamulo lililonse latsopano anthu amalilandira ndi mau akuti tiyeni tidikire.

Amayi ndi abambo, pa kudikira konseku wovutika ndi uja ali m'nyumba ya lendi. Iye sangasinthe zenera kapena denga, chifukwa nyumba si yake. Koma bilu ya gasi imabwera m'dzina lake, ndipo wotsokomola usiku ndi mwana wake. Pakati pa anthu otereŵa pali abale athu.

Chifukwa chake ndikupemphani kuti mukamalankhula nawo muziŵakumbutsa zinthu zitatu. Choyamba, asanasaine pangano la lendi afunse chikalata cha EPC. Mwini nyumba ayenera kuchionetsa kwaulere, ndiponso zikalatazi zili poyera pa intaneti, m'kaundula wa Boma, momwe munthu amafufuza ndi adiresi ya nyumba. Safunsa adadya phula. Chachiŵiri, lendi yotsika ya nyumba ya E ikhoza kudya ndalama zambiri kuposa lendi yokwererapo ya nyumba ya C, mukaphatikiza ndi gasi wa chisanu chonse. Chachitatu, akapeza kuti nyumba ndi ya F kapena G, ndipo mwini wake sadalembetse chifukwa chovomerezeka, ali ndi ufulu wokadandaula ku khonsolo ya dera lawo, imene ikhoza kumulipiritsa chindapusa. Amene adagula nyumba zawo asunge lisiti lililonse ndi zithunzi za ntchito yokonza.

Kwa ife amene timakhala kuseri kwa matebulo a m'maofesi, kulikonse kumene tili, phunziro lake nali. Dziko la Britain silidasoŵe ndalama, silidasoŵe ophunzira, ndipo cholinga chake chidali chabwino. Chimene chidasoŵa ndi njira yaifupi yoti munthu wamba aitsate, malipiro a pa nthaŵi yake kwa wogwira ntchito, ndi lamulo lokhala zaka zokwanira kuti anthu alikhulupirire. Fomu iliyonse imene tionjezera, pali wina amene atembenuke pakhomo osabweranso, ndipo kaŵirikaŵiri ndi uja amene thandizolo lidakonzedwera. Tisanabweze pepala la munthu chifukwa cha chidindo chimodzi, tiyambe tadzifunsa kuti usiku umenewo akagona m'nyumba yotani.