Mai Akachotsedwa Bere: Za Kuumba Lina ndi Kuchira Kwake



Pa tsiku la chikondwerero ngati lino tinazolowera kumva za chiyambi cha bungwe lathu ndi za amai amene anatitsogolera. Koma chaka chino atipempha kuti tilankhuleko za nkhani imene ambirife timangonong'onezana pobwera ku chitsime, ndiyo ya mai amene madotolo amchotsa bere chifukwa cha nthenda ya khansa. Abambo mutikhululukire, sitikulaula ayi. Nkhaniyi ikukukhudzani inunso, pakuti mai ameneyu ndiye mkazi wanu, mlongo wanu, kapena mai wanu wokubalani.

Amai otere timawadziwa. Bala linapola, mphamvu zinabwerera, koma ku msonkhano saonekanso. Tikapita kukawazonda amati akadali ofooka, pamene chenicheni nchakuti bulauzi yoyera ija siikhalanso bwino pa chifuwa, ndipo akuopa maso a anthu. Ena amafunsa motsitsa mau ngati nzoona kuti madotolo angathe kuumba bere lina. Inde, nzoona, ndipo tifuna kufotokoza m'mene ntchitoyi imachitikira, ubwino wake ndi kuwawa kwake komwe.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Dotolo wina wa ku Baltimore, William Halsted, ndiye anatchukitsa opaleshoni yochotsa bere lonse pamodzi ndi mnofu wa pachifuwa ndi anabere a m'khwapa, ndipo analemba za ntchito yakeyo mu 1894. Anapulumutsa ambiri, koma mai ankatsala ndi dzenje pachifuwa. Chaka chotsatira, mu 1895, Vincenz Czerny wa ku Heidelberg anachotsa chotupa cha mafuta kumsana kwa mai wina nachiika pamalo pamene anadulapo bere. Kuyambira pamenepo madotolo akhala akuyesa njira zosiyanasiyana, ndipo lero zikuluzikulu zilipo ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo kuika kathumba kofewa pansi pa khungu kapena pansi pa mnofu wa pachifuwa. Mkati mwake mumakhala silikoni kapena madzi a mchere. Kathumba ka silikoni kanayamba kuikidwa mu 1962 ku Houston, ndi madotolo awiri, Thomas Cronin ndi Frank Gerow. Kawirikawiri khungu lotsala pachifuwa limakhala lochepa, tsono amayamba aikamo kathumba kopanda kanthu, ndipo pakapita sabata imodzi kapena ziwiri amabayiramo madzi pang'ono, kenaka pang'ono, mpaka khungu litatambasuka monga imachitira mimba ya mai woyembekezera. Pakatha miyezi ingapo amachotsa koyambako nkuikamo kenikeni. Opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo mai amachira msanga. Koma tidziwe kuti kathumbaka si ka muyaya. Kangathe kuboola, kangathe kuuma chifukwa thupi lakazinga ndi chipsera cholimba, ndipo amai ambiri amabwereranso ku opaleshoni patapita zaka 10 kapena kuposerapo. Mai wa zaka 35 aganizire zimenezi asanavomere.

Njira yachiwiri ndiyo kutenga thupi la mwini wake. Amadula khungu ndi mafuta a pamimba, pansi pa mchombo, kapena mnofu wa kumsana, nkuumba nazo bere. Carl Hartrampf wa ku Atlanta anafotokoza njira ya pamimba mu 1982, ndipo iye ankasuntha ndi mnofu womwe wa pamimbapo. Kuyambira m'ma 1990 madotolo anaphunzira kusiya mnofuwo, nkutenga khungu ndi mafuta okha pamodzi ndi timitsempha take ta magazi, timene amatisoka ku mitsempha ya pachifuwa akuyang'anira pa makina okulitsa zinthu, ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Amai osoka muli muno, inu mukudziwa kuleza mtima kumene kumafunika pa ntchito yotere. Imatha maola 6 mpaka 8. Bere lotuluka pamenepo limakhala lofewa ndi lofunda, limanenepa mai akanenepa, limaonda iye akaonda, ndipo silifuna kusinthidwa. Mtengo wake ndi wakuti mabala amakhala awiri, chipsera cha pamimba chimayenda kuchokera m'chiuno mbali ino kufika mbali inayo, ndipo nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, magazi amakana kuyenda ndipo mnofu wosamutsidwawo umafa.

Tinene poyera zimene bere latsopanoli silichita, kuti wina asadzakhumudwe. Silituluka mkaka. Silimva kukhudza monga loyamba lija. Pamakhala dzanzi, ndipo kwa ambiri dzanzilo silitheratu. Silifanana ndendende ndi linzake, kotero kuti nthawi zina amakonzakonso linzakelo. Nsonga yake amaipanga pambuyo pake, patapita miyezi ingapo, ndipo mtundu wake amaulemba ndi singano monga ankachitira agogo athu ndi mphini. Komanso tichotse mantha awiri amene timawamva kawirikawiri: kuumba bere sikudzutsa khansa, ndipo sikuletsa madotolo kupitiriza kumuyeza mai.

Nanga lipangidwe liti? Ena amaumbiratu tsiku lomwelo lochotsa bere, mai nkudzuka chifuwa chake chili chodzaza. Ena amadikira miyezi, ngakhale zaka. Chimene chimalamula kwambiri ndi chithandizo chotsatira. Ngati mai akufunika kuwotchedwa ndi makina pachifuwa pofuna kupha khansa yotsala, kuwotchako kumaumitsa khungu ndipo kumaononga maonekedwe a kathumba kaja, motero madotolo ambiri amati tiyambe tathana ndi nthenda. Ife tikuona kuti apa mpoyenera kuwamvera. Moyo uli patsogolo, ndipo khomo la kuumba silitsekeka. Mai angathe kupempha patapita zaka zisanu. Wosuta fodya, wa nthenda ya shuga yosasamalidwa, ndi wonenepa kwambiri, mabala ao amavuta kupola, tsono dotolo adzafuna kuti zimenezi zikonzedwe kaye.

Sitifuna kukulonjezani zimene kulibe. Kuno kwathu opaleshoni yochotsa bere imachitika m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma madotolo ophunzira ntchito youmba ndi owerengeka, ndipo amai ambiri amafika nthenda itapita kale patali. Ana athu amene ali kunja zao nzina. Ku Britain mai wochotsedwa bere amauzidwa za kuumba ndipo m'zipatala za boma salipira. Ku America lamulo la mu 1998 linakakamiza makampani a inshuwalansi amene amalipira kuchotsa bere kuti alipirenso kuumba. Ku Johannesburg ndi Cape Town ntchitoyi imachitikanso. Mwana wanu akakuimbirani lamya kuchokera kumeneko nati, "Amai, andifunsa ngati ndikufuna andiumbire lina," musamuyankhe kuti nzachibwana kapena zodzikongoletsa. Mfunseni zimene dotolo wanena, ndipo mumve mtima wake. Ndipo ngakhale kuno, mai asaope kufunsa dotolo wake ngati njira ilipo. Kufunsa sikulipiritsa.

Palinso amai amene amamva zonsezi nati, "Ine opaleshoni ina ayi, zandikwana." Ameneyo sanalakwe. Thupi ndi lake. Abambo, pamenepa tikupemphani: musamkakamize kuumba chifukwa cha maso anu, ndiponso musamletse chifukwa cha manyazi anu.

Tsopano za kuchira, pakuti apa ndi pamene ife tili ndi ntchito. Mai woikidwa kathumba amagona m'chipatala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti abwerere mwakale. Wotengedwa mnofu wa pamimba amagona masiku ochulukirapo, amayenda chowerama masiku oyamba, ndipo amafuna masabata 6 mpaka 8, ena kuposa apo. Ambiri amatuluka ali ndi timapaipi totulutsa madzi a m'bala, timene timakhala sabata imodzi kapena ziwiri. Madziwo amayenera kutayidwa ndi kulembedwa kuchuluka kwake tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wa sukulu wodziwa kulemba angathandize agogo ake pa ichi.

Dotolo akati musanyamule zolemera kwa masabata 6, kwa mai wa kwathu tanthauzo lake nlalikulu. Ndiye kuti asasenze ndowa, asasinje, asagwire khasu, asachape zofunda, asakolope, asabereke mdzukulu kumsana, asavundule nsima ya banja lonse. Mai wa ku Malawi sadziwa kukhala pansi akuona mbale zakuda, ndipo ambiri amang'amba bala lao m'sabata yachitatu, pamene ululu wachepa ndi alendo ozonda aleka kubwera. Masiku oyamba nyumba imadzaza, ena mpaka kusowa pokhala. Ikafika sabata yachitatu kuli zii. Bwanji nthambi iliyonse ilembe maina ndi masiku, kuti wotunga madzi ndi wophika apezeke mpaka sabata yachisanu ndi chimodzi?

Koma kupuma sikutanthauza kugona tsiku lonse. Ayende pang'onopang'ono pabwalo kuyambira masiku oyamba, kuti magazi asaundane m'miyendo. Mkono wa mbali yodulidwayo auyendetse monga amuphunzitsira ku chipatala, monga kukweza zala pakhoma pang'ono tsiku lililonse, kuti phewa lisaume. Ngati anachotsa anabere a m'khwapa, mkonowo ungathe kutupa ngakhale patapita zaka, tsono ausamale ku moto, ku minga ndi ku mpeni. Bala likafiira, likatentha, likatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena bere latsopanolo likada ndi kuzizira, apite ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Pa bala asapakepo phulusa, masamba kapena mankhwala a kwa neba. Ndipo ngati anampatsa mapiritsi monga tamoxifen, amene amamwedwa zaka 5 kapena 10, asaleke poona kuti chifuwa chakhala bwino.

Kwa amai amene sadzaumbidwa bere, ndipo kwathu kuno ndiwo ochuluka, pali chinthu chimene manja athu angapange. Bere la silikoni loika m'kamisolo limagulitsidwa, koma nlodula, nlolemera, ndipo m'nyengo ya Okutobala limatentha. Ku America amai ena anayamba bungwe lotchedwa Knitted Knockers, loluka mawere a ulusi nkumagawa kwaulere, ndipo nzeruyo yafalikira m'maiko ambiri. Amaluka ndi ulusi wa thonje wofewa, wosakanda pa chipsera, nasiya kabowo kumbuyo kuti mwini wake aonjezere kapena kuchepetsa zofutsira mpaka lifanane ndi linzake. Limachapika, limauma msanga, ndipo mai amayamba kulivala bala likapola. Mwa ife muli amai oluka zipewa ndi masokosi a makanda; amene mukufuna kuphunzira kaluka kameneka mulembetse maina anu kwa mlembi wa nthambi yanu tisanabalalike, ndipo mutchule ngati muli ndi singano zanu.