Cipatala ca Misyoni ndi Zipatala za Dziko: Mau Onenedwa pa Caka Coliza Lipenga

Akuru atipempha ife aphunzitsi kuti tinene mau za cipatala, popeza sukulu ndi cipatala zinafika kuno pamodzi, monga mbale ndi mlongo wace. Tabvomera, ngakhale sitiri asing'anga, cifukwa ca funso limene limveka kawirikawiri m'midzi mwathu, lakuti: Bwanji ku cipatala ca boma munthu salipira kanthu, koma ku cipatala ca misyoni, kumene alalikira za cifundo, afunsa ndarama? Funso limeneli si la cipongwe iai, ndipo liyenera kuyankhidwa poyera.

Tiyambe ndi zakale. Pamene Dr Robert Laws ndi anzace anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875, odwala onse anali m'manja mwa asing'anga a mitengo ndi azamba. M'1876 Laws anang'amba munthu atamgoneka ndi mankhwala a chloroform, ndipo caka comweco misyoni ya Blantyre inayamba. Boma la Britain linadza m'1891, koma madokotala ace oyamba anayang'anira makamaka Azungu a boma ndi asilikari. Cotero kwa zaka zambiri munthu wa kumudzi wofuna mankhwala a Cizungu analowera njira ya ku misyoni: ku Livingstonia, ku Likoma, ku Nkhoma kumene cipatala cinayamba m'1915, kapena ku Malamulo ndi ku Mua kumene anasunga akhate. Ndarama zace zinacokera m'mbale za zopereka ku Scotland, ku England, ku South Africa ndi ku America, kwa anthu amene sanapondepo dziko lino. Ena anapereka coposa ndarama. Dr John Bowie wa ku Blantyre anayamwa ndi pakamwa pace zimene zinatseka kukhosi kwa mwana wodwala diphtheria, natenga nthendayo, namwalira m'1891. Makolo athu naonso sanakhale manja lende. Anaumba njerwa, nasenza mitengo ya denga, ndipo wosowa ndarama anadza ndi nkhuku kapena mazira.

Lero zinthu zakonzedwa mwa njira yina. Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe ndiwo uika malamulo a zipatala zonse, za boma ndi za mipingo zomwe. Pansi peni peni pali alangizi a zaumoyo, aja muwaona pa njinga, amene atemera ana ndi kuwayeza pa sikelo. Nthenda ikawalaka atumiza wodwala ku cipatala cacing'ono. Kucoka apo apita ku cipatala ca pa boma. Ndipo zolephereka kumeneko zipita ku zipatala zazikuru zinai, ndizo Queen Elizabeth ku Blantyre cimene cinatsegulidwa m'1958, Kamuzu ku Lilongwe ca m'1977, ca Zomba ndi ca Mzuzu. Kuyambira pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, makhonsolo alandira gawo la ulamuliro pa zipatala za m'maboma mwao.

Tsono imvani bwino apa. Mankhwala a ulere kulibe pa dziko lapansi. Ngati wodwala sanalipire pa khomo, alipo wina amene analipira kwina. Ku Germany, kuyambira 1883, anchito ndi owalemba nchito asonkha m'thumba limodzi losungira tsiku la matenda. Ku Britain, kuyambira 1948, zipatala ziyendetsedwa makamaka ndi msonkho wa dziko. Dziko lathu linatsata njira ya msonkho, ndipo makolo athu anaigwira zolimba: pamene boma linaika tiki ya pa cipatala m'1964, mtengo wace makobiri atatu okha, nkhaniyo inakhala imodzi mwa zimene nduna zinakangana nazo ndi Dr Banda. Koma msonkho wa anthu olima ndi khasu ndi wocepa. M'1983 kapena m'2003 cimodzimodzi, nkhokwe yaing'ono siidyetsa mudzi wonse. Atsogoleri a maiko a Africa anapangana ku Abuja m'2001 kuti apatule magawo 15 mwa magawo 100 a ndarama za boma kuti akhale a zaumoyo, koma zaka zambiri ife sitinafikepo. Dzenje lotsalalo analikwirira abwenzi akunja, kotero kuti kwa zaka zambiri theka, kapena kuposapo, la ndarama zonse za umoyo m'dziko muno linacokera kunja kwa malire. Mankhwala otalikitsa moyo amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'2004, nabwezera makolo ambiri kwa ana ao, anagulidwa ndi thandizo la Global Fund. Ndipo tinaona m'Januwale 2025 kuti dzanja lopatsa likhoza kufumbatika tsiku limodzi, pamene boma la America linaimitsa thandizo lace la kunja, nilitseka bungwe la USAID caka comweco.

Nanga cipatala ca misyoni ciima pati? M'1966 mipingo inagwirizana kuika zipatala zace m'bungwe limodzi, limene kuyambira 1992 lichedwa CHAM. Eni ace ndiwo maepiskopi a Katolika pamodzi ndi bungwe la mipingo yina. Zipatala zimenezi zisenza ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a nchito yonse yociritsa m'dziko muno, ndipo zambiri ziri kutali ndi matauni. Boma lilipira anamwino ndi anchito ambiri a m'menemo. Koma mankhwala ambiri, magetsi, mafuta a ambulansi ndi malata a denga lodontha, cipatala cidzipezera cokha. Mbale za ku Ulaya zija sizidzalanso monga kale. Yankho la funso lathu liri pomwepo.

Kuli cinthu cina cimene ambiri sacidziwa. Kuyambira 2006 boma licita mapangano ndi zipatala zina za mipingo, makamaka kumene cipatala ca boma ciri kutali, kuti amai apakati ndi makanda athandizidwe osalipira, ndipo boma libweze ndaramazo pambuyo. Kumene panganolo lisungidwa, amai ambiri aleka kucirira kumudzi. Koma ndarama zobwezazo zikacedwa miyezi, cipatala cikhala ngati munthu amene anakongoza mbeu yace yonse mvula iri pafupi.

Sitinena kuti malipiro ndi kanthu kakang'ono. Ife aphunzitsi tidziwa bwino cimene cicitika: mwana atentha thupi Lolemba, amace adikira kufikira Lacitatu kuti agulitse nkhuku, ndipo malungo sadikira. Mpando wace m'kalasi ukhala wopanda munthu, ndipo si nthawi zonse mwini wace abweranso. Ici ndico citibvuta mumtima pa tsiku lokondwera ngati lino, ndipo sitifuna kucibisa m'nyimbo ndi maluwa.

Cifukwa cace tipempha akuru a mpingo ndi mafumu alingalire zinthu ziwiri tisanabalalike. Coyamba, kuti mudzi uli wonse upatule citini ca cimanga kapena ca mtedza pa khomo pa nyengo yokolola, cigulitsidwe, ndaramazo zisungidwe ndi anthu atatu osankhidwa poyera, zikhale za mwana wodwala usiku amene makolo ace alibe kanthu m'manja. Za kubweza zikambidwe atacira. Caciwiri, kuti m'komiti ya cipatala tiikemo anthu odziwa kuwerenga mabuku a ndarama, amai akhalemonso, ndipo afunse khansala ndi phungu wathu za mapangano aja a amai ndi makanda, ngati alipo kuno, ngati ndarama zace zifika, ndi liti. Ife a kusukulu tibvomera kulemba mabuku a thumba limeneli popanda malipiro, ngati mudzatikhulupirira.